Mphete ya synchro imafuna kugwira, osati kuterera

Tsopano mtima wakhala m'malo. Funso lomwe linkandizunguza mutu linali ili: zimatheka bwanji kuti oyilo watsopano, wabwinobwino, alimbitse magiya a galimoto yakale m'malo mowafewetsa? Yankho lake lili pa kachinthu kamodzi. Mano a magiya, maberingi ndi mabushi zonse zimafuna oyilo woterera, koma mphete ya synchro, yomwe imafananitsa liwiro la giya ndi la shafiti giya isanalowe, ntchito yake ndi kukhulana. Ndi kaklatchi kakang'ono kosambira mu oyilo.

Za mmene mphamvu imadutsira m'mashafiti sindinena, mukuzidziwa. Tiyang'ane mpheteyo. Mukakankha ndodo ya giya, sleeve, chitsulo chozungulira chomwe chimaserereka pa shafiti n'kuilumikiza ndi giya, imakankhira mphete ya mkuwa pa koni ya giya, kambali kake kosalala kopendekeka. Mkati mwa mphete muli timizere tosongoka ngati ta bawuti. Timizereti timadula oyilo amene ali pa koni n'kumutulutsa, kuti mkuwa ugwire chitsulo ndipo liwiro la giya lifanane ndi la shafiti. Liwiro lisanafanane, mphete imatsekereza sleeve. Likangofanana imapereka njira, giya n'kulowa mwakachetechete. Ndiye oyilo akakhala wolimba kwambiri, makamaka m'mawa kukuzizira, timizere timachedwa kumuchotsa ndipo ndodo imalemera. Akakhala woterera mopitirira muyeso, monga wothiridwa mankhwala a difu ya limited slip kapena molybdenum disulphide, mphete imangoserereka pa koni, dzanja lanu limakankha liwiro lisanafanane, mano n'kukukuta.

Pamenepa ndi pomwe nkhani ya GL-4 ndi GL-5, magulu awiri a oyilo wa magiya, inayamba kumveka. Nambala yayikulu sikutanthauza oyilo woposa mnzake. GL-5 anapangira difu ya mtundu wa hypoid, momwe mano amapsinjana uku akuserereka, choncho ali ndi mankhwala a sulfure ndi fosiforasi ochuluka pafupifupi kawiri kuposa GL-4. Mankhwalawa amapanga kachikopa pamwamba pa chitsulo kuti mano asawotcherane. Pachitsulo ndi abwino zedi. Pamkuwa, makamaka oyilo akatentha, a mitundu yakale ankadetsa ndi kudya mpheteyo pang'onopang'ono, ndipo ngakhale amakono omwe sadya mkuwa sanapangidwe ndi cholinga chothandiza mphete kugwira.

Manambala a SAE, osonyeza kulimba kwa oyilo, nawonso amasocheretsa. A oyilo wa magiya ndi a oyilo wa injini amawerengedwa pa masikelo awiri osiyana. SAE 90 wa magiya akatentha kufika madigiri 100 amalimba mofanana ndi wa injini wa pakati pa SAE 40 ndi 50. Choncho kuthira 20W-50 m'giyabokosi si kuthira madzi ayi. Ndi oyilo wa injini yemwe galimoto ya MGB imafuna m'giyabokosi, ndipo Mini yakale imagawana oyilo mmodzi pakati pa injini ndi magiya. VW Beetle ndi nkhani ina: magiya ndi difu zili m'chibokosi chimodzi, ndiye pamafunika oyilo wa magiya weniweni. Giyabokosi ya Porsche 915 mphete zake ndi zachitsulo, mantha a mkuwa sagwira ntchito pamenepo. Giyabokosi ya Borg-Warner T5 ya mtundu wa World Class imafuna ATF, oyilo wamadzimadzi wa ma automatic. Ndipo komwe kuli overdrive (kagiya kowonjezera kumbuyo kwa giyabokosi) ya Laycock, yomwe imagwiritsa ntchito oyilo wa m'giyabokosi yemweyo ndipo ili ndi klatchi yake ya koni, mankhwala oterereretsa ndi mdani. Buku la galimotoyo liyambe kuyankhula.

Koma musanaloze chala oyilo, yesani ndi rivesi. Njira imeneyi ndimaikonda kuposa ina iliyonse, ndipo ndinganene kuti imamaliza theka la milandu osamasula bawuti n'limodzi lomwe. Pa magalimoto ambiri akale rivesi ilibe synchro, choncho siibisa kanthu. Injini ikulira pang'ono, pondani klatchi mpaka pansi, werengani masekondi atatu kapena anayi, lowetsani rivesi. Ikakukutabe, klatchi sikumasula bwino ndipo shafiti yolowera ikuzungulirabe. Funani mpweya m'mapaipi a klatchi, silinda yodontha, waya wotamuka, mapini odyeka pa pedulo, mbale ya klatchi yopindika kapena yokakamira pa mano a shafiti, kapenanso kabushi ka kumapeto kwa crankshaft komwe kauma n'kumakoka shafiti. Synchro yatsopano singachiritse zimenezi, idzangodyeka msanga.

Kenako zimitsani injini, yendetsani ndodo m'magiya onse. Ikakhala yolimbabe kapena yogwedera ngati dzino la mwana, vuto lili panja: mabushi a ndodo, zolumikizira, kapena zogwirira injini zomwe zaphwa n'kupendeketsa chilichonse. Ngati rivesi ili bwino, ndodo ili bwino, koma giya imodzi yokha ndiyo ikukukuta, kawirikawiri yachiwiri pobwerera kuchoka pa yachitatu, pondani klatchi kawiri: tulutsani giya, siyani klatchi, pondani mafuta pang'ono, pondaninso klatchi, lowetsani. Ikalowa bwino, mwagwira ntchito ya mphete ndi phazi lanu, ndiye kuti mpheteyo yatopa. Kumbukirani kuti MGB mpaka chakumapeto kwa 1967 inalibe synchro pa giya yoyamba, ndipo Land Rover Series IIA inalibe pa yoyamba ndi yachiwiri. Pamenepo kukukuta si matenda.

Giya yotuluka yokha mukasiya mafuta si mlandu wa oyilo konse. Ndi timano tolowetsera tomwe tabulungira, sipuling'i ya kampira kogwira selekitala yofooka, foloko yodyeka, kapena giya yomwe ikusewera kwambiri pa shafiti.

Chomwe chimandiwawa ndi kaphunzitsidwe kake. Aphunzitsi amatilowezetsa kuti oyilo wa magiya ndi EP 90, wa difu ndi EP 90, n'kupitirira. Nthawi imathera pojambula zithunzi zoyembekezera mayeso, pomwe mphindi zisanu zogwira mphete ndi koni m'manja zikanakwana. Ikani mphete pa koni, psinjani uku mukupotokola: yabwino imaluma, yakutha imazungulira mosavuta. Pimani mpata wotsala pakati pa mphete ndi timano ta giya ndi feeler gauge, timasamba tachitsulo toyezera mipata. Mabuku ambiri amaika malire pakati pa 0.5 ndi 0.8 mm. Mpata ukatha, mphete imagunda timano isanagwire koni.

Posintha oyilo, masulani pulagi yothirira poyamba, musakhuthule kenako n'kupeza kuti yathinitsitsa. Khuthulani oyilo ali wofunda, galimoto ili pamalo osapendekeka, ndipo thirani mpaka afike m'munsi mwa bowo lothirira, pokhapokha ngati pali kandodo koyezera. Yang'anani wakaleyo padzuwa. Maginito a pulagi amagwira zitsulo zokha, mkuwa umaoneka ngati fumbi lagolide.

Pomwe mtima wanga ukadagawanikabe ndi pa giyabokosi yomwe yayenda zaka zambiri ndi GL-5, ikulowa bwino, oyilo wake alibe fumbi lagolide. Buku likuti GL-4, ndipo mwina ndingasinthe pofuna kuteteza mphete zomwe n'zovuta kuzipeza. Koma dzanja likuti palibe cholakwika, ndipo sindinasankhebe kuti pa awiriwa ndimvere uti.