GdFFD yakhazikika mu apALNR, D-Phe ili m'malo mwake

Anzanga okonda docking (kuyesa pa kompyuta mmene molecule imalowera mu protein), zatheka usiku wapitawu! Kapeptide ka GdFFD kalowa m'kathumba ka receptor yake, apALNR, ndipo phenylalanine (Phe) wa pa malo achiwiri uja wakhalabe D mpaka kumapeto.

Kapeptide kameneka ka Aplysia californica n'kakafupi, Gly-Phe-Phe-Asp basi. Nkhono ya m'nyanjayi imayamba yapanga ma amino acid onse ali L, kenako enzyme imatembenuza wachiwiriyo kukhala D, mawonekedwe a L monga aonekera pa galasi. Kulemera sikusintha, zilembo n'zomwezo, koma receptor imasiyanitsa. Mu 2018 James Checco ndi anzake a mu labu ya Jonathan Sweedler ku Illinois anaonetsa kuti GdFFD imadzutsa apALNR pomwe GFFD wamba, wa L yekhayekha, amangodutsa. N'chimene ndinkafuna kuona ndi maso anga pa sikirini.

Chinandidyera masiku ndi pulogalamu ina yokonzera mafayilo a PDB, osunga kapangidwe ka ma protein. Ndimatembenuza alpha carbon ya Phe uja kukhala D bwinobwino, ndimasunga, koma iyo ikangowerenga dzina loti PHE imamanganso residue yonse ngati L, osanena kanthu. Mapeto ake GdFFD ndi GFFD zinkakhala chimodzimodzi mu pulogalamu ya docking ya AutoDock Vina, poti zinalidi chinthu chimodzi. Mankhwala ake ndi kulemba DPN, dzina la D-phenylalanine, m'malo mwa PHE, kenako kuyang'ana chirality (ngati ndi L kapena D) mu pulogalamu ya PyMOL musanayambe ndiponso mukamaliza. Pa zilembo za chirality, L-Phe ndi S, D-Phe ndi R. Panopa mphete ya phenyl ikuloza mbali ina, ndipo nsonga ya Gly yasuntha nayo. Receptor yanga ndi yolosera ndi pulogalamu ya AlphaFold, choncho ma score sindikuwakhulupirira kwambiri, koma kusiyana kwa kakhalidwe kukuoneka poyera.

Zandikumbutsa achatin-I yomwe ndinamanga chaka chatha, Gly-D-Phe-Ala-Asp. Asayansi a ku Japan anaipeza mu 1989 mu Achatina fulica, nkhono yaikulu ya kum'mawa kwa Africa, mbale wa zija zimadzaza m'dimba mvula ikagwa. Ikusiyana ndi GdFFD pa residue imodzi yokha, ndiye ndiiyesanso pa receptor yomweyi.

Chotsatira ndi ATRP, peptide ina ya Aplysia ya ma residue 14. Mu 2023 gulu la Checco, ali ku Nebraska tsopano, linapeza receptor yachiwiri ya ATRP, yokonda D2-ATRP (ATRP yokhala ndi D-Phe pa malo achiwiri). Ndikufuna ma receptor onse awiri, ndi ATRP ya L ndi ya D yomwe, m'kati mwa membrane pa pulogalamu ya GROMACS. Laputopu yangayi itentha ndithu. Amene muli ndi GPU yongokhala, tiyankhulane.