Chala cha bambo ndi kabotolo ka malovu

Chala chachikulu chakuphazi cha bambo anga chikatupa, kwathu ku Songani sitigona. Ngakhale bulangete likangochikhudza amabuula. Adokotala anati ndi gauti: uric acid wachuluka m'magazi ndipo akuuma ngati timasingano m'mfundo. Koma bambo amaopa singano yotengera magazi kuposa ululuwo, moti kawiri konse anabwerera pakhomo pa chipatala. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Mwanawe, iwe ntchito yako ndi ya mu labu, palibe njira ina yosabaya?"

Funsoli linandikhala mumtima, chifukwa njira ilipo. Uric acid amapezekanso m'malovu, ndipo akakwera m'magazi nthawi zambiri amakweranso mkamwa. Amachokera ku zinthu zotchedwa purine zopezeka m'maselo athu ndi m'zakudya monga chiwindi, nthumbwana ndi mowa. Nyama zambiri zili ndi enzyme (puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi) yotchedwa uricase yomwe imamuphwanya, koma anthufe tilibe, ndiye ntchito yaikulu yomuchotsa imatsalira impso. M'magazi akapyola pafupifupi 6.8 mg/dL (mamiligalamu 6.8 pa mamililita 100 aliwonse) amatha kuyamba kuuma.

Ndinayamba ndi malovu anga omwe. Apa m'pamene ndinaona kuti malovu ndi ovuta kuposa magazi. Munthu uyenera kukhala ola lathunthu osadya, utsukuluze mkamwa ndi madzi, udikire pang'ono, kenako uwerame malovu azingodontha okha m'kabotolo, osakhosomola. Amatuluka onanda, a thovu, mwina ndi tizidutswa ta nsima yamasana, choncho timawazunguza kaye pa makina otchedwa centrifuge kuti zinyalala zikhale pansi. Madzi oyera apamwambawo timawasakaniza ndi mankhwala okhala ndi uricase. Uricase akamaphwanya uric acid pamatuluka hydrogen peroxide, yemwe amachititsa madziwo kufiirira, ndipo makina ogwiritsa ntchito kuwala otchedwa spectrophotometer amayeza kufiirako. Kufiira kwambiri, acid wambiri. Malabu okhala ndi HPLC, makina olekanitsa zinthu zosakanikirana m'madzi, amapatula uric acid payekha asanamuyeze, ndipo zotsatira zawo n'zodalirika koposa.

Zosokoneza n'zambiri. Vitamini C amachepetsa kufiirako, moti nyengo ya mango munthu angaoneke ngati ali bwinobwino pomwe sali. Usinini ukamatuluka magazi, nawonso amalowa m'chiwerengero. Wotafuna chingamu malovu ake amatuluka mothamanga ndipo nambala imasintha. N'chifukwa chake sindikanalola kuti mankhwala a bambo asinthidwe potengera kabotolo kanga.

Ndinawauza zoona zake. Ndinati, "Bambo, malovu angatithandize mtsogolo muno kuona ngati zinthu zikukwera kapena kutsika, koma pakadali pano adokotala akufuna magazi." Lachiwiri tinakwera minibasi limodzi kubwera m'tauni, ndipo pobayidwa anayang'ana kukhoma atandigwira dzanja mwamphamvu. Ndinatenganso paketi ya mapiritsi awo a BP kukaonetsa adokotala, chifukwa hydrochlorothiazide amene amamwa m'mawa uliwonse amakwezanso uric acid.