Misonkhano imene mjigo wathu unadutsamo usanatulutse madzi

Kalata yoyamba ndinailemba ndekha mu June 2022, pa pepala lothothola m'kope la mwana wanga. A mfumu atadindapo chidindo, ine ndi a tcheya athu a VDC, komiti ya chitukuko ya kumudzi, tinakwera kabaza mpaka pa Kampepuza, kenako minibasi mpaka pa boma pa Ntcheu. M'mitima mwathu tinkati tikangoonana ndi a DC n'kuwauza kuti mudzi wonse ukumwera pa chitsime chimodzi ndi ng'ombe, chigalimoto chokumba mijigo chitilondola m'mbuyo tsiku lomwelo.

A DC sitinawaone, ndipo ndinadzazindikira pambuyo pake kuti panalibenso chowaonera. Bambo wina wa mu ofesi yoona mapulani a chitukuko anatipatsa mipando, n'kuwerenga kalata ija mpaka pansi. Kenako anati, "Mayi, nkhaniyi inadutsa ku ADC? Nanga maminitsi ake ali kuti?" Ine kuyang'ana a tcheya, a tcheya kuyang'ana pansi. Tinabwerera nayo kalata yathu, ndalama ya thiransipoti imene anthu anasonkha itapita m'madzi.

Bamboyo sanatilakwire. Chiyambire 1998, pamene dziko lino linakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono pamodzi ndi ndondomeko ija timati mphamvu ku anthu, pempho la chitukuko lili ndi njira yake. Limayambira ku VDC, komiti ya chitukuko ya midzi ya gulupu mmodzi. Likachoka apo limapita ku ADC, imene imasonkhanitsa ma VDC onse a m'dera la T/A. Kenako akatswiri a ku khonsolo amaliunika, makomiti a makhansala n'kukambirana, msonkhano wa khonsolo yonse n'kuvomereza. Ine ndinali mlembi wa VDC kwa chaka chathunthu, koma ntchito yanga ndinkaiona ngati yolemba maina a anthu olandira makuponi basi.

Tinayambiranso pansi. A gulupu anaitanitsa msonkhano wa midzi yawo yonse pansi pa mkuyu, ndipo anatikumbutsa kuti iwo ndi mlangizi chabe, wotsogolera zokambirana ndi tcheya wosankhidwa ndi anthu. Apa m'pamene ndinadabwa kuti si onse ankaona madzi ngati vuto loyamba. Abambo ankafuna kamlatho ka pa mtsinje kuti ngolo za mbatata ndi kabichi zizioloka m'dzinja. Achinyamata ankafuna bwalo la mpira. Tinajambula zinthu zonsezo pansi, aliyense n'kumaika mwala pa chimene akufuna. Mjigo unapambana, koma osati mwa mwayi ayi: masiku atatu m'mbuyomo ndinayenda khomo ndi khomo kuuza amayi anzanga kuti tsiku limenelo kumunda kudikire. Amene amadzuka tambala woyamba kukadikira madzi kuchitsime ndife, koma pamisonkhano timakonda kukhala kumbuyo n'kumasenda mtedza.

Madzulo ake ndinalemba maminitsi. Tsiku, malo, maina a onse amene anabwera, aliyense atasayina kapena kudinda chala, zimene zinakambidwa, kuchuluka kwa miyala pa chinthu chilichonse, ndi chigamulo. Ndinakopera katatu ndi dzanja. A tcheya anasayina, a gulupu anadinda, ndipo mwana wa achimwene anga anajambula masamba onse pa foni. Chizolowezi chojambula pa fonichi musachinyoze. Pepala limodzi linadzanyowa ndi mvula m'chikwama cha a tcheya mpaka inki yonse kusungunuka.

Ku ADC kunali kwina. Msonkhano unachitikira ku likulu la Inkosi yathu, ndipo VDC iliyonse inabwera ndi msozi wake: uyu denga la sukulu linasasuka, uyu amayi akuchirira panjira chifukwa chipatala chili kutali, uyu msewu unaduka. A tcheya athu anaimirira n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Zikomo a pampando, ife kwathu tikuvutika kwambiri ndi madzi." Anthu anagwedeza mitu, koma pondandalika zofunika kuyambira choyamba, ife tinapezeka kumunsi kwenikweni.

Tikutuluka, mlangizi wa zaulimi amene ankatsogolera AEC, komiti ya alangizi a boma ogwira ntchito m'deramo, anandikokera pambali. "aNangozo, kuvutika aliyense muno akuvutika. Mubwere ndi manambala." Anandiuza kuti muyezo umene a zamadzi amatsata ndi wakuti mjigo umodzi uzitumikira anthu pafupifupi 250, ndipo munthu asamayende mtunda woposa mamita 500 kukatunga. Ndinapita kwa mlangizi wathu wa zaumoyo, amene ali ndi kaundula wa nyumba zonse za m'mudzi. Anthu athu anaposa muyezo uja kutalitali. Anandiwerengeranso ana amene anabwera ku sikelo akutsegula m'mimba m'miyezi ya mvula, osatchula maina, n'kusayina pansi pake. Mtunda wopita ku mjigo wa mudzi woyandikana nawo tinauyeza ndi foni ya mphunzitsi wina.

Kenako panatulukira chinthu chimene palibe ndi mmodzi yemwe wa ife anachiganizirapo. Wothandizira za madzi wa m'dera lathu atayang'ana m'kaundula wake, anati, "Komatu mudzi wanu uli nawo kale mjigo." Ankanena chitsulo chadzimbiri chimene chili kuseri kwa tchalitchi, chokumbidwa ine ndili mtsikana, chimene ana amamangirirapo mbuzi. Chinafa kalekale, komiti yake inabalalika, ndipo ife eni ake sitinakanene kulikonse. Choncho m'mabuku tinkaoneka ngati anthu okhuta. Ndinamupempha kuti abwere adzaone yekha. Anabwera pa njinga yamoto ndi mekaniki wa mijigo wa m'deralo, anazula marodi, anatsitsa chingwe, n'kupeza kuti dzenje linagumukira mkati, silingakonzeke. Akanapeza kuti ndi mabushi kapena rabara chabe, akanatiuza kuti tisonkhe tokha tikonze, ndipo akanakhala akunena zoona. Lipoti lake la tsamba limodzi lija linalemera kuposa zonse zimene tinalankhula chaka chonsecho.

Pa msonkhano wotsatira wa ADC, a tcheya sanadandaule. Anangowerenga mapepala atatu: la mlangizi wa zaumoyo, la mtunda, ndi lipoti la mjigo wakufa uja. Nthawi imeneyo n'kuti kolera, imene inayamba mu March 2022 kuchigawo chakummwera, itafalikira m'maboma ambiri. Mliri umenewu unadzatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, ndipo aliyense pa benchi paja ankadziwa tanthauzo la kumwa pa chitsime chosatetezedwa. Tinakwera kufika pa nambala yachiwiri, ndipo zinalembedwa m'maminitsi a ADC. Ndinapempha mlembi wawo kuti ndijambule tsambalo.

Za nyengo ndinene pang'ono, chifukwa n'zimene zimagwetsa ambiri. Kuyambira 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 April, osatinso pa 1 July monga kale. Ndiye kuti khonsolo imakonza bajeti yake miyezi ingapo April asanafike. Pempho likafika ku boma mu May, ngakhale likhale lomveka chotani, kawirikawiri limadikira chaka china. Lathu linafika chaka cha 2022 chisanathe, a khansala atanyamula okha.

A khansala athu ndinkawaimbira Lolemba lililonse mpaka anazolowera kuyankha kuti, "Ee mayi mlembi, sindinaiwale." Akuluakulu ambiri kwathu sadziwa bwino ntchito ya khansala, ndipo sindiwadzudzula: kuchokera 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, anthu n'kuzolowera kuti chilichonse, kaya bokosi la maliro kaya mlatho, n'kwa a phungu. A phungu nawonso tinawapatsa kope la mapepala athu, popeza ndalama za chitukuko zimabwera m'matumba osiyanasiyana. Nthawi imeneyo panali CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu limene linayamba mu 2006, panali DDF, thumba la chitukuko cha boma lonse la Ntcheu monga maboma ena, ndiponso pali mabungwe omwe si aboma amene amayenera kufotokoza ntchito zawo ku DEC, komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe, asanalowe m'midzi. Sumadziwiratu kuti thumba liti likutsegukira. Chimodzi chokha ndinakaniza amayi anzanga: popita kwa a khansala kapena a phungu, nsalu ya chipani izitsala m'sutikesi.

Tsopano za makomiti. Makhansala amagawana m'makomiti ang'onoang'ono: ya zachuma, ya chitukuko, ya maphunziro, ya zomangamanga, ya zaumoyo ndi chilengedwe, ya zaulimi, ndi yoona za ogwira ntchito. Ine ndinkaganiza kuti nkhondo yeniyeni imachitikira mu msonkhano waukulu uja. Ayi ndithu. Mmene a khansala anandifotokozera, mndandanda wa midzi yopempha mijigo unali wautali kuposa ndalama, ndipo mu komiti ya chitukuko munali kukokanakokana, aliyense akukokera ku wodi yake. Iwo sanali membala wa komiti imeneyo, choncho anakhala pansi ndi mnzawo amene anali membala n'kumupatsa mapepala athu tsiku la msonkhano lisanafike. Wina atafunsa kuti bwanji mudzi woti uli nawo kale mjigo ukupatsidwanso wina, mkulu wa zamadzi anatulutsa lipoti la dzenje logumuka lija, nkhani n'kuthera pomwepo. Komiti ya zachuma inadulanso midzi ina kuti ndalama zikwane. Ife tinatsalamo. Ndimaganizabe za midzi imene inadulidwayo, chifukwa sindikhulupirira kuti ludzu lawo linali locheperapo. Mwina analibe wowauza za manambala.

Tsiku la msonkhano wa khonsolo yonse ndinapita ndekha, ndi ndalama yanga ya tomato. Msonkhanowu umachitika kamodzi pa miyezi itatu, ndipo munthu wamba amaloledwa kukhala nawo n'kumamvetsera, koma salankhula. Ndinakhala kumbuyo pafupi ndi atolankhani awiri. Kutsogolo kunali wapampando wa khonsolo, amene ndi khansala wosankhidwa ndi anzake, pambali pake a DC monga mkulu wa ogwira ntchito. Kunali makhansala, aphungu, oimira magulu monga amayi, achinyamata ndi aulumali, komanso mafumu aakulu, amene amalankhula ndipo amamvedwa koma saponya voti. Anatsegula ndi pemphero, anawerenga maminitsi a msonkhano wapitawo, n'kutha pafupifupi ola lathunthu akukambirana za ziphaso za m'misika. Mimba inayamba kulira. Kenako wapampando wa komiti ya chitukuko anaimirira kupereka lipoti lake, n'kuyamba kuwerenga maina a midzi mothamanga ngati akuitana ana m'kalasi. Dzina la mudzi wathu linadutsa pakati pa ena awiri. Wina anati akupempha kuti lipotilo livomerezedwe, wina anati akugwirizana nazo, basi. Miyezi yonse ija inathera m'mphindi ziwiri, ndipo ndinachita kufunsa mayi amene ndinakhala naye pafupi ngati nayenso analimva dzinalo.

Patapita milungu iwiri ndinakapempha tsamba la maminitsi pamene panali dzina lathu. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo ndinali nditakonzeka kulitchula, koma sipanafunike. Anandipatsa, ine n'kulipira fotokope.

Kuchokera apo kunali kudikira: ndalama zifike kuchokera ku Lilongwe, khonsolo iitanitse makontilakitala, asankhe mmodzi. Miyezi imeneyi ndi imene anthu anayamba kundinena kuti mlembi anadya ndalama ya mjigo. Ndinkangotulutsa tsamba lija pa maliro, pa chigayo, paliponse pamene nkhaniyo yabuka.

Mkangano womaliza unali wa malo. A mfumu ankafuna mjigo pafupi ndi bwalo lawo, a mpingo ankafuna pamene panali wakale. Woyeza malo anabwera ndi mawaya ake ndi zitsulo zokhoma pansi, anayenda tsiku lonse, n'kunena kuti madzi odalirika ali kumunsi, m'mphepete mwa munda wa apongozi anga, kutali ndi zimbudzi, makola ndi manda. Mungathe kuganiza zimene zinanenedwa m'mudzi usiku umenewo. Ndinapempha a gulupu kuti woyezayo afotokoze yekha pamaso pa anthu, ine ndili chete. Apongozi anangoti, "Mwana wanga, ine ndimwa madzi angati? Tengani malowo." Tinawalembetsa kalata yopereka malo, ana awo onse n'kusayinapo, kuopa kuti mawa wina angadzamange mpanda n'kuyamba kugulitsa madzi.

Anakumba mu October 2023, dzuwa lili phwee, nthawi imene madzi amakhala atatsika kwambiri pansi. Mjigo wotuluka madzi mwezi umenewo suuma wamba. Ife tinatuta mchenga, miyala ndi njerwa. Pa tsiku lachiwiri chakumadzulo matope anathovoka, kenako madzi oyera, ana n'kumathamangira m'menemo ndi mayunifolomu. Anaika pampu ya Afridev, anathira kolorini, anamanga pochapira ndi ngalande yopita ku dzenje la madzi otayika. Kontilakitala anafuna kuti tisayine pepala loti ntchito yatha simenti isanaume, koma a tcheya anakana mpaka patadutsa masiku, titapopa tokha n'kuona kuti ngalande sinang'ambike.

Tinasankha komiti ya mjigo ya anthu khumi, amayi asanu ndi mmodzi, ndipo anaphunzitsidwa kumasula pampu ndi kusintha mabushi. Nyumba iliyonse imasonkha kangachepe pamwezi, okalamba okhala okha sitiwalipiritsa. Rabara yoyamba inatha patangopita miyezi isanu ndi iwiri, msungichuma anakagula ina pa boma, pofika madzulo madzi akutuluka. Chitsulo chakale chija tinakachifufutitsa m'kaundula. Pa msonkhano wa VDC wa mwezi watha abambo anadzutsanso nkhani ya kamlatho, ndipo ndawauza kuti Loweruka lino akaime pa mtsinje ndi kope, awerenge ngolo ndi ana a sukulu amene amaoloka pamenepo.