Inali jagi, osati ndowa

Tiyambe takonza bodza limene likuyenda pa gulu lathu la WhatsApp. Sinali ndowa. Inali jagi ya pulasitiki ya malita awiri, ya ahedi, ija imakhala mu ofesi kudikira alendo. Amene akuti ndinadzikhuthulira ndowa yathunthu pamutu pamaso pa a PEA (alangizi oyendera sukulu za pulaimale) akuthira mchere, ndipo woyambitsayo ndikumudziwa, chifukwa pasukulu pathu mphunzitsi ndi mmodzi yekha amene foni yake imajambula kanema osathima.

Chachiwiri, sindinalire. Ndi Sobo analowa m'maso.

Inu nomwe mukudziwa mmene masabata awiri omaliza a teremu yachitatu amakhalira. A sitandade 8 analemba kale mayeso a MANEB, anabalalika. A sitandade 7 anga ndiwo atsala akuluakulu a sukulu, akuyenda mapewa m'mwamba. Mayeso a teremu alemba, ife tili pa kuchonga ndi kuwonkhetsa malikisi. Ana amangobwera kudzasesa, atsikana fulaye, anyamata mpira wachikulunga. Kuzizira kwa Julaye kuno ku Dedza sikofuna kukufotokozerani. Anzanga ena, sinditchula mayina, amangolemba liwu limodzi pa bolodi, "Revision", n'kutulutsa mpando panja kukawothera dzuwa. Ine ndinati ayi, ana a eni asabwerere chabe. Ku koleji anatiphunzitsa TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi. Ndiye ndinatenga tambula, kachidutswa ka katoni ya choko, ndi madzi a pamjigo. Ana anga amapitirira 90, a kumbuyo sangaone madzi oyera, choncho ndinathiramo Sobo wa olenji amene ndinamupeza mu ofesi. Zoti anali wa akomiti pa tsiku lotsekera, panalibe cholembedwa pa botolo.

Njinga yamoto ya a PEA italira panja, ahedi anazungulira makalasi onse n'kupeza kuti mmene mukuphunzitsidwa ndi mwanga mokha. Mfundo imeneyi mu kanema mulibe, ndiye ndaiika pano kuti isungike.

Phunziro linayenda bwino, abale anga. Kudzaza tambula mpaka pakamwa, kuvundikira ndi katoni, kutembenuza, kuchotsa dzanja. Katoni kakamira, madzi osagwa. Ana kukuwa. Ndinachita katatu. Ndinafotokoza kuti mpweya umene tikupumawu uli ndi kulemera, umakankha mbali zonse, ngakhale kuchokera pansi, ndipo pa kamalo kochepa ngati chikhadabo, sentimita imodzi mulitali ndi mulifupi, umakankha ndi mphamvu pafupifupi ya kilogalamu imodzi. Ndinawauzanso za Otto von Guericke wa ku Magdeburg ku Germany, amene m'zaka za m'ma 1650 anaphatikiza mbale ziwiri zamkuwa, n'kupopa mpweya wa mkati, magulu awiri a mahatchi n'kulephera kuzilekanitsa. A PEA anagwedeza mutu n'kulemba kenakake. Ndikanalekera pomwepo, bwenzi lero ndili munthu.

Kamnyamata kena ka kumbuyo, kamene chaka chonse sikanakwezepo mkono ngakhale kupempha kupita kuchimbudzi, kanakweza mkono.

"Sala, tambulayo ndi yaing'ono. Ngati mpweya umaposa mahatchi, tayesani jagiyo."

Wina pakona: "Pamutu, sala!"

Basi kalasi yonse, kuwomba madesiki, a pansi kuwomba m'manja: pa-mu-tu, pa-mu-tu. Ndinayang'ana a PEA kuti andipulumutse. Iwo anatsitsa cholembera, n'kupinda manja. "Mwana wafunsa funso labwino, aphunzitsi."

Musaganize kuti ndinachita mwaumbuli. Masamu ndinawerengera. Mpweya umatha kunyamula madzi otalika mamita 10, ndicho chifukwa chake pampu yoyamwa singakoke madzi akuya kuposa pamenepo. Jagi ya ahedi siyifika ngakhale lula imodzi. Sayansi inali kumbali yanga. Ndinadzaza jagi, ndinathiramo Sobo yense wotsala, ndinang'amba katoni yaikulu ya makope, kuvundikira, kutembenuza, kukweza pamwamba pa mutu. Malaya oyera, amene ndinagula pa kaunjika kuti ndidzavale tsiku lotsekera koma ndinati ndiwayeseko. Ndinachotsa dzanja.

Inagwira.

Izi ndiye zimene wojambula uja anadula, ndipo sindidzamukhululukira. Inagwira! Kalasi yonse zii. Ngakhale mbuzi imene inkadya mapepala pakhonde inasiya kutafuna. Ine njo, dzanja limodzi m'mwamba ndi malita awiri ozondoka, linalo nditatambasula ngati m'busa wodalitsa mpingo. Akuti anali masekondi anayi okha. Kwa ine inali teremu yathunthu. Ndinadziona ndikukwezedwa pantchito. Ndinadziona akundiitana ku Domasi kukathandiza kulemba mabuku a sayansi. Ndinaona chithunzi changa m'buku la sitandade 7, jagi pamutu, pansi atalemba dzina langa molondola. Ndinafika poganiza za suti imene ndidzavale, ndipo ndinasankha yotuwa. Ndinatembenukira kwa a PEA pang'onopang'ono, kumwetulira, n'kuyamba kunena ndi Chingerezi cha pamwamba kuti, "As you can see, air press..."

Gudu.

Kaphokoso kakang'ono, ngati m'mimba mwa munthu amene wadya nyemba za dzulo. Ndipo apa ndi pamene ndinalakwitsa zenizeni: ndinayang'ana kumwamba. Munthu wanzeru akanadumphira kumbali. Ine ndinakweza nkhope, kukamwa kudakali yasa ndi theka la liwu lija. Pulasitiki ya jagi imaonetsa za mkati, ndiye ndinaliona ndi maso angawa: thovu limodzi, lalikulu ngati ndimu, likukwera mu Sobo mosafulumira, monga gogo akukwera phiri la Dedza ndi ndodo, kuima, kupuma, kupitiriza. Linali lokongola. Dzuwa la pawindo linkawala mkati mwake. Ndinaliperekeza ndi maso mpaka linakafika pamwamba, ndipo mumtima ndinati, kodi iwe walowera pati? Pambuyo pake panabwera mng'ono wake. Gudu. Kenako banja lonse.

Khuthu!

Katoni inayamba ndiyo, mbama pamphumi. Madzi a pamjigo a m'mawa wa Julaye anatsatira: m'kamwa, m'mphuno, m'khosi mwa malaya, kutsika ndi msana, kudutsa lamba ngati palibe, mpaka mu sokosi. Ndinatulutsa mawu amene sindikudziwa kuti ndi a chilankhulo chanji. Ana sanaseke msanga, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka. Kunali chete, kumangomveka madontho kuchokera kuchigongono, tho, tho, tho. Ndiye mtsikana wanga wa nambala wani, wofatsa, wa pa desiki loyamba, anafunsa ndi ulemu wonse:

"Sala, izinso tilembe mu kope?"

Denga likanakhala lopanda misomali bwenzi litauluka. Ahedi anatuluka atagwira pakamwa, akuti anakumbukira foni. A PEA anawerama ngati akumanga chingwe cha nsapato, koma nsapato zawo zinali zopanda zingwe, ndipo mapewa ankagwedezeka.

Pa buleki njuchi zinandipeza. Sizinandilume, zinkangonditsata mwaulemu ngati ndine duwa, kuchokera ku kalasi mpaka kunyumba. Akunyumba atandiona pakhomo, wa olenji kuyambira kumutu mpaka m'chiuno, sanafunse kanthu. Anangoti, "Bambo, nkhani yafika kale. Madzi ndatenthetsa."

Tsopano podziteteza. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo pamtunda wotero mphamvu ya mpweya imachepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi poyerekeza ndi m'mphepete mwa nyanja yamchere. Izi ndi zoona, kafufuzeni. Ndinanena mu ofesi kuti ndikanachitira ku Salima zikanatheka. Madamu a masamu, osakweza n'komwe maso pa mapepala amene ankachonga, anati ngakhale titachotsa gawo limenelo patsalabe mamita 8 ndi kanthu, ndiye jagi ya ahedi yatalika liti kufika pamenepo? Anthu a masamu alibe chisoni. Chilungamo chake n'chakuti jagi ili ndi kamlomo kothirira kaja. Tambula pakamwa pake ndi pofanana ponseponse, katoni imamata bwino. Pa kamlomo pamatsala mpata, mpweya umalowa, ndipo ukangofika mkati umakankhanso kuchokera pamwamba, basi nkhani yatha. Tinganene kuti phunziro linaonetsa mbali zonse ziwiri, pamene mpweya watsekeredwa kunja ndi pamene walowa. A PEA mu lipoti lawo analemba kuti ana anatenga nawo mbali mokwanira. Anatengadi.

Malaya aja achapidwa kanayi, pano ndi a mtundu wa papaya losapsa bwino. Dzina langa latsopano mwalimva kale, sindilibwereza. Ahedi andipatsa sitandade 8 mu Seputembala, kutanthauza ana omwewa, chaka china chathunthu. Akutinso Sobo wa akomiti ndigule wina lisanafike Lachisanu. Jagi ndinabweza yosasweka, koma zimenezo palibe akuzitchula.