Musanalipire tikiti, funsani za jenereta

Mukafuna kukamvera oyimba odziyimira paokha m'malo ang'onoang'ono a ku Kabulonga, Rhodes Park kapena Longacres mumzinda wa Lusaka, funso loyamba kwa mwini malo lisakhale la mtengo. Funsani kuti magetsi akathima amayatsa chiyani, invata ya mabatire kapena jenereta. Chiyambire 2024, madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba magetsi nkumathimathima, malo ambiri anagula chinachake, koma si onse anaganizira za nyimbo.

Ndikulemba mtima ukadali m'mwamba. Malo amene ndinapitako anaika jenereta ya petulo kuseri kwa khoma lomwelo limene woyimba anatsamira. Gitala ya bokosi ndi mawu a munthu mmodzi sizingalimbane ndi injini. Wa zokuzira mawu anakweza voliyumu, maikolofoni nkuyamba kulira, bokosi la gitala nkumangong'ung'udza. Atatsitsa, tinatsala ndi jenereta yokha. Usiku wonse unathera pomwepo, ndalama ya pakhomo osabweza. Chowawa kwambiri ndi choti mikisa ya mawu yaing'ono ndi masipika awiri sizidya magetsi ambiri, invata imazinyamula bwinobwino popanda phokoso. Jeneretayo ankaiyatsira mafiriji a mowa.

Tikiti ambiri amagulitsa pa WhatsApp, mumalipira pa Airtel Money kapena MTN MoMo. Dzina limene latuluka musanalembe PIN lifanane ndi la pa chikalata cholengeza shoo. Uthenga wotsimikiza musaufufute, chifukwa wa pakhomo amafuna nambala ya malipiro, chithunzi chokha ena amakana. Funsaninso ngati tikitiyo ikuphatikiza mpando. Kwina tebulo ili ndi mtengo wakewake, mumaumvera pakhomo pomwe.

Ndibwerere ku phokoso lija. Mukamva kulira kwa mmmm kosalekeza m'masipika woyimba asanayambe, ndi phokoso la magetsi likulowerera mu waya. Kabokosi kolumikizira gitala ku mikisa, kotchedwa DI, kali ndi kabatani ka ground lift, kukadina nthawi zambiri kumathetsa vutolo. Gitala ikayamba kukhosomola pakati pa nyimbo, kawirikawiri ndi batire la 9V la mkati mwake limene latha. Abale oyimba, nyamulani lina m'chikwama, komanso chotsekera chibowo cha gitala cha labala choletsa kung'ung'udza kuja. Ndi zinthu zotsika mtengo koma zimapulumutsa shoo.

Pokhala, pewani pafupi ndi bala, pamene mabotolo amagundana ndi anthu kukuwa poitanitsa. Musakhalenso pamphuno pa sipika. Pakati, mamita atatu kapena anayi kuchokera kwa woyimba, ndi pamene mumamva zala zikutsetsereka pa nsambo, ndipo ngati pali babatoni, besi wamkulu wa nyimbo za kalindula, mumamumva mpaka m'chifuwa.

Nthawi yolembedwa sisungidwa kwenikweni, komabe fikani msanga kuti muone kumene aika jenereta dzuwa lisanalowe. Mabasi opita kumakomboni amasowa usiku ukakula, choncho sungani ndalama ya Yango (galimoto zoitanitsa pa foni) kapena ya takisi padera, foni ikhale ndi moto. Ngati mukufuna kuthandiza woyimbayo, mufunseni nambala yake mumutumizire yekha, popeza ya pakhomo imayamba yadutsa kwa mwini malo ndi wa masipika.

Koma musanatumize ngwee iliyonse, imbani foni mufunse za invata. Akayankha mozungulira, dziwani kuti ndi jenereta.