Munthu wa mutu ndi miyendo yokha

Lachitatu usiku, Kawale

Kwatentha tsiku lonse, mitambo yangosonkhana cha ku Bunda koma mvula osagwa. Ana agona, ndiye ndati ndilembe za lero zisanandichoke m'mutu.

M'mawa ndinapita kumkombaphala kumene amaphunzira mwana wanga wachiwiri, wa zaka 5. Madamu ake anatumiza uthenga dzulo kuti tikaonane. Atandipatsa mpando anatulutsa mapepala a ana onse okayamba Sitandade 1 mu Seputembala chaka chamawa. Anawauza kuti aliyense ajambule mayi ake. Ena anajambula mayi wa thupi lake, manja a zala, chitenje, wina mpaka duku. Pepala la wanga linali ndi mutu waukulu wosatsekeka bwino, maso awiri, ndi miyendo iwiri yochokera m'mutu momwemo.

"Mayi, musandimve molakwa," anatero Madamu. "Mtsikana wanu ndi wochangamuka. Nyimbo amagwira msanga, nthano amafotokoza kuposa anzake. Koma pensulo imamuvuta. Akangoyamba amati dzanja latopa, n'kuika pansi. Ndipo anzake ayamba kumuseka."

Za kusekedwazo ndiye zinandilasa mtima. Ndinawafotokozera kuti mwanayu anabadwa masiku asanakwane, pa masabata 30 pomwe mimba imayenera kufika cha m'ma 40, wolemera kilo imodzi ndi theka osakwana. Anakulira pachifuwa panga ku Bwaila, muwodi ya kangaru, khungu kukhungu, atamangidwa ndi chitenje usana ndi usiku, mkaka ndikumufinyira m'kakapu chifukwa kuyamwa sankatha. Njira ya kangaruyi inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kwathu kuno inafikira kuchipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Yapulumutsa ana ambiri, wanga mmodzi wa iwo. Koma chimene ndaona n'chakuti tikatuluka muwodi muja, mwana akanenepa n'kuyamba kuyenda, tonse timati nkhani yatha. Za zimene zingadzaoneke akadzagwira pensulo sitiuzana. Chonsecho lipoti la 2012 la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse, ana pafupifupi 18 pa 100 alionse obadwa asanafike masabata 37. Ndiye kuti aphunzitsi a mkombaphala ali nawo ana otere m'makalasi mwawo, osadziwa.

Madamu anamvetsera bwino kwambiri. Ndinawapempha pepala lija, n'kumutenga mwana, ulendo wa kuchipatala kumene ankamuona ali wamng'ono. Kabaza, minibasi, mzere wautali, zachizolowezi.

Amene anationa ndi mayi wina wa zafizo, wodekha bwino. Anayamba ndi buku la kuchipatala, kuwerenga kuchokera patsamba loyamba. Kenako anakhala pansi pamphasa ndi mwanayo, osati pampando, n'kumamusewera. Anamuuza kuti asanjikize timatabwa, atole nyemba ndi zala ziwiri, alowetse chingwe m'mikanda, aime ndi mwendo umodzi. Anandiuza kuti zambiri mwa izi zili m'ndondomeko yoyezera kakulidwe ka ana yotchedwa MDAT, imene inakonzedwa konkuno ku Malawi n'kusindikizidwa mu 2010, kuti mwana wa kuno aziyesedwa ndi zinthu zimene amazidziwa.

Kenako kujambula. Iwo ankajambula chinthu, mwana n'kutengera. Chozungulira anatha, mtanda anatha. Bokosi la ngodya zinayi linatuluka lopanda ngodya, langokhala ngati chozungulira chophwanyika. Cha ngodya zitatu, chonga samusa, anachiyang'ana nthawi yaitali, anakoka mzere umodzi n'kundiyang'ana ine. Mayi aja anandifotokozera mmene zimayendera kwa ana ambiri: chozungulira pa zaka 3, mtanda pa zaka 4, bokosi chakumapeto kwa zaka 4, cha ngodya zitatu pa zaka 5. Munthu wa mutu ndi miyendo yokha ndi wa ana a zaka 3 kapena 4, ndipo pofika 5 ambiri amakhala atamupatsa thupi ndi manja. Ndiye wanga watsalirako, koma akudutsa m'njira yomweyo imene ana onse amadutsamo.

Ndinafunsa ngati sitiyenera kuchotsera masabata 10 aja pa zaka zake, monga ankachitira kusikelo. Anati kuchotserako kumagwira ntchito mpaka mwana atakwana zaka 2, pa msinkhu uno sikusinthanso kanthu. Chimene anatsindika ndi ichi: kujambula si ntchito ya dzanja lokha. Diso liyenera kuona pamene mzere wakhotera, bongo ukonze poyambira ndi pothera, timinofu ta zala titsatire. M'miyezi itatu yomaliza ya mimba bongo umakula mofulumira kwambiri, ndipo mwana amene wakulira miyezi imeneyo kunja, makamaka wobadwa asanafike masabata 32, nthawi zambiri kugwirizana kwa diso ndi dzanja kumachedwa, ngakhale akuyankhula ndi kuthamanga bwinobwino. Si ulesi, si umbuli. Ndinamva mtima kutsika, chifukwa mawu awiri amenewo ndimawamva akunenedwa pa ana ena, ndipo ndinkaopa kuti akuyandikira wanga.

China chimene anaona, chomwe ife kunyumba tinangochizolowera, n'chakuti amayandikitsa nkhope kwambiri papepala. Ana obadwa msanga maso awo amakhalanso asanamalize kukhwima, ndipo ambiri amadzavutika kuona patali kapena diso limodzi limapendekera. Anatilembera kalata yokayezetsa maso kuchipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Anati tiyambe taona zimenezo, chifukwa ngati akufunika magalasi, kumuumiriza pensulo n'kungomuzunza.

Madzulo ndinawafotokozera bambo ake ndi apongozi anga, amene ali nafe kuno mwezi uno. Bambo ake, mwa chikondi chomwecho, anati mawa agula kope ndipo mwana azilemba zilembo ola lathunthu tsiku lililonse mpaka azolowere. Ndinakana. Mwana amene akusekedwa kale kusukulu chifukwa cha pensulo, tikamudikiriranso ndi pensulo kunyumba adzadana nayo mpaka kalekale. A zafizo aja anati tiyambire pa zazikulu: ajambule pansi ndi kamtengo, pakhonde ndi khala kapena choko, mizere italiitali yoyendetsa mkono wonse. Papepala agwiritse chekeni chachifupi chonenepa, mphindi zochepa, asiye asanatope. Zala azilimbitse pomanga mabatani, kuswa mtedza, kutunga zitsekero za mabotolo m'chingwe.

Apongozi anangoseka chapansipansi. "Amake mwana, zimenezo n'zimene tinkachita ife kalekale. Mwana aumbe timiphika ta dongo, atongole chimanga, asankhe mpunga. Ndipatseni ine ameneyo." Anatuma mnyamata wathu wamkulu kuti Loweruka akatape dongo kudambo. Bambo ake anavomera kuti kope liyambe ladikira, bola za maso zisachedwe.

Tisanadye nsima agogo ndi mdzukulu anajambula phada pabwalo. Mabokosi a mwana anali okhotakhota, ena aakulu ena aang'ono, koma anajambula onse yekha osanena kuti dzanja latopa, ndipo ana a pafupi anabwera kudzadumphamo.

Madamu ndawatumizira uthenga wowauza zonse. Ndawapempha kuti azimukhazika kutsogolo, komanso mapepala a ana asamawaonetse kalasi lonse pofanizira wina ndi mnzake. Ayankha kuti atero, ndipo akuti akufuna kufunsa makolo ena onse ngati alipo ana obadwa masiku asanakwane, chifukwa pali awiri amene akuwaganizira. Mawa tilawirira ku Central kuti tikapeze mzere usanatalike. Kuntchito ndapempha kale kuti ndikafike masana.