Za hositiya zofufuma zija

Poti nkhani yafika kale ku Chinamwali, bola ndiinene ndekha musanaikometsere. Eya, ndine ndinathira yisiti m'phala la hositiya, timikate ta pa Misa tija, kwa masisitere.

Koma tamvani kaye. Ine ndimakazinga mandasi mumsika wa Zomba, manja angawa akagwira fulawa safunsa munthu. Asisitere anandisiyira beseni la fulawa wa tirigu ndi madzi ozizira, basi. Mchere ayi, shuga ayi, mafuta ayi. Ntchito yanga inali kutakasa mpaka phala likhale lamadzimadzi, lopanda mibulu. Belu la Anjelusi litalira 12 koloko, onse piti kukapemphera. Ndinaliyang'ana beseni lija, chisoni chinandigwira. Ndinati amayi awa analumbira umphawi, inde, koma mpaka kusowa yisiti? Ndinatulutsa kapaketi kanga m'chikwama, n'kuwonjezera shuga masupuni awiri kuti igwire msanga. Ndi kutentha kwa Okutobala, pomwe ankamaliza nkhomaliro phala linali likupuma lokha. Ndinalitakasanso kuti likhale pansi.

Chowotchera chake ndi zitsulo ziwiri zotentha, zojambulidwa timitanda, zomwe zimapana phala kuti lituluke lopyapyala, loyera. Likapsa amaliika pachinyontho lifewe, apo ayi limasweka podula. Langa silinafike n'komwe kumeneko. Linatulukira m'mbali monse likulira fwiii, shuga n'kupserera, kumata timitanda tonse. Nyumba yopatulika ija inanunkhira ngati depoti ya minibasi m'mawa.

Asisitere aakulu anavula magalasi. Anawapukuta. Anawavalanso. Ananyema kachidutswa, kukanunkhiza, kukayang'ana padzuwa, kukatafuna pang'onopang'ono maso ali pa ine. Ndikanatha kumaliza korona yonse asanameze. Manovisi awiri, atsikana ophunzira usisitere, anali atadziluma milomo, mapewa okha akugwedera.

"Mayi, mwatiphikira bwino ndithu," anatero. "Koma paguwa sizingapite."

Anandifotokozera modekha kuti malamulo a Mpingo amafuna mkate wa tirigu yekha ndi madzi, wopanda chofufumitsa, ndipo ukalowa shuga suyeneranso Misa. Nanga bwanji osalemba pakhoma? Ndipo muuze amene akufalitsa kuti ndinachimwira Ukalistia kuti wansembe anali asanadalitse kanthu, unali fulawa chabe.

Zitsulo zija ndinazipala ndi kamtengo mpaka dzuwa kupendeka, poti waya amafufuta timitanda. Zofufumazo tinamwera tiyi, ndipo novisi wina anatenga kawiri, ndinamuona.

Loweruka ndikupitanso. Akuti ndikapalire maluwa.